Kukaoda katundu ku Guangzhou kudzera pa kampani ya maulendo ya ku Blantyre: zimene ndinapindula ndi zimene sanatiuze

Kwa zaka 7 ndakhala ndikugulitsa makatani, zoyala pabedi ndi zikwama za amayi mu shopu yanga yaing'ono ku Limbe, ndipo nthawi yonseyi katundu ndinkachita kutumiza anzanga amene amapita okha ku China, kapena ndinkakwera basi kukaoda ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. M'mwezi wa Malichi chaka chino ndinaganiza zokadzionera ndekha kumene katunduyo amachokera, choncho ndinalipira kampani ina ya maulendo ya mumzinda muno imene imatenga amalonda m'magulu kupita nawo ku Guangzhou. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa zina mwa zimene ndilembe pano ndi madandaulo, ndipo sindikufuna kuipitsa anthu amene anandithandizanso pa zinthu zambiri. Ndikulembera amalonda anzanga a ku Limbe, ku Ndirande ndi mumsika wa Blantyre, amene akhala akundifunsa ngati ulendo woterewu uli woyenera ndalama zake.

Pa ndalama imene tinalipira, kampaniyo inalonjeza kutigulira tikiti ya ndege yonyamukira pa Chileka kudzera ku Addis Ababa, kutithandiza kutenga viza ku ofesi ya kazembe wa dziko la China ku Lilongwe, kutipezera malo ogona masiku 10 m'dera la Xiaobei, kutipatsa munthu wotiperekeza m'misika ndi kutimasulira chilankhulo, komanso kutilumikiza ndi anthu otumiza katundu pa sitima yapamadzi. Pa pepala lomwelo panalembedwanso kuti masiku awiri adzakhala oyendera malo osunga mbiri ya mzindawo, ndipo mawu amenewa sanandisangalatse, chifukwa munthu amene wavutika miyezi ingapo kufunafuna madola kuti akagule katundu safuna kumva zoti tsiku lathunthu lidzathera pa manda a mafumu. Ndinapempha mayi wa pa ofesi kuti andichotsere masiku awiriwo n'kunditsitsira mtengo, koma anayankha mwaulemu kuti ndondomekoyo ndi ya gulu lonse ndipo singasinthidwe chifukwa cha munthu mmodzi. Lero ndimathokoza kuti anakana, ngakhale ndili ndi dandaulo pa malo amene masikuwo anaikidwa mu ndondomeko.

Pa nkhani ya mapepala ndilibe chodandaula. Anatiuza msanga zoyenera kusonkhanitsa, anatiimbira foni aliyense payekha pamene panasoweka chikalata, ndipo tonse anthu 9 tinalandira viza nthawi yabwino. Titatera pa bwalo la ndege la Baiyun tinapeza achimwene otiperekeza akutidikira kale ndi galimoto. Iwowa ndi Mmalawi mnzathu amene anapita kumeneko kukaphunzira n'kukhazikika, amalankhula bwino Chimandarini chimene ndi chilankhulo cha boma, ndipo amamvanso Chikantoni, chilankhulo cha eni dera la Guangdong, chimene munthu wodziwa Chimandarini chokha sangachimve.

Vuto linayambira pa msonkhano umene tinachita ku ofesi ku Blantyre kutatsala sabata imodzi. Bambo amene ankatilangiza anatiuza kuti titenge majuzi ndi majekete ochindikala chifukwa ku China kumazizira, ndipo ife tinamvera, moti theka la sutukesi yanga linadzaza ndi zovala zimene sindinavale n'kamodzi komwe. China ndi dziko lalikulu kwambiri, ndipo chipale chofewa chimene timachiona pa kanema n'cha kumpoto, ku Beijing ndi ku Harbin. Ku Guangzhou chinagwako pang'ono mu Januwale 2016 patatha zaka zambirimbiri, ndipo anthu a kumeneko anatuluka m'nyumba kukajambula chifukwa chinali chodabwitsa. Chimene tinayenera kuuzidwa ndi chinyezi, koma palibe amene anachitchula.

M'mawa wa tsiku loyamba ndinatsegula chitseko cha chipinda changa n'kupeza matailosi a m'khonde la hotela anyowa ngati wina wangokolopa kumene osapukuta. Makoma ankatsika madontho, galasi la m'chikepe linali mbuu moti munthu sakanadziona, ndipo chitenje chimene ndinachapa usiku n'kuchiyanika pa mpando chinali chonyowa monga ndinachisiyira, n'kukhala choncho mpaka tsiku lachitatu pamene chinayamba kununkha. Ndinatsika kukadandaula kuti mwina paipi yaphulika, koma achimwene aja anandikhazika mtima pansi. "Mayi, palibe chimene chaphulika," iwo anatero. "Mphepo ya kummwera yabwerera, anthu a kuno amati huinantian. Tsekani mawindo onse, makamaka oyang'ana kummwera, ndipo musayanike chovala panja poganiza kuti chiuma." Anafotokoza kuti m'miyezi yozizira mphepo ya kumpoto imaziziritsa makoma ndi simenti, kenako mphepo yofunda yonyamula chinyezi kuchokera kunyanja ikabwera mwadzidzidzi n'kugunda makoma ozizirawo, madzi amatuluka monga amachitira pa botolo la chakumwa limene langochoka mufiriji. Ife kwathu tikaona chinyontho m'nyumba timatsegula mawindo kuti mupite mphepo, koma kumeneko kutero n'kulowetsa madzi m'nyumba. Ndinayesa kuchiyerekeza ndi chiperoni, koma chiperoni chimabwera ndi kuzizira ndi mvula yowaza yooneka ndi maso, pamene ichi chimabwera ndi kutentha, ndipo kunja kumatha kukhala kopanda dontho la mvula.

Aliyense wofuna kupita kumeneko ayenera kudziwa kuti nyengo zawo n'zosemphana ndi zathu. Blantyre ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000, pamene Guangzhou ili pansi, m'chigwa cha mtsinje wa Pearl, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Hong Kong. Mu Julayi, pamene ife tikuotha moto, kumeneko kutentha kwa usana ndi usiku kukaphatikizidwa kumakhala pa madigiri pafupifupi 29, ndipo Januwale, mwezi wawo wozizira kwambiri, amakhala pa madigiri pafupifupi 14. Mvula yambiri imagwa kuyambira Epulo mpaka Seputembala ndipo pachaka imapitirira mamilimita 1,700, kuposa kutali imene timalandira kuno. Mvula yamphamvu ya kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni anaipatsa dzina lakelake, amati madzi a mabwato a chinjoka, chifukwa imagwa pa nthawi ya chikondwerero cha mpikisano wa mabwato aataliatali okhala ndi mutu wa chinjoka. Anamondwe amabwera kwambiri pakati pa Julayi ndi Seputembala, monga namondwe wa Mangkhut amene anawomba dera la Guangdong mu Seputembala 2018 n'kuimitsa ndege ndi sitima. Ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023 sitifunika kufotokozeredwa kawiri za chinthu chimenechi. Miyezi youma ndi yabwino kuyenda ndi Okutobala, Novembala ndi Disembala. Zonsezi zikanakwana pa tsamba limodzi, ndipo kampani imene imatumiza anthu kumeneko chaka chonse inayenera kukhala nalo tsambalo.

Sanatiuzenso kuti WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira ntchito pa intaneti ya kumeneko, ndiponso kuti pafupifupi aliyense, ngakhale wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, amalandira ndalama kudzera pa mapulogalamu a pa foni otchedwa WeChat kapena Alipay. Ndinatha masiku awiri osalankhula ndi ana anga, ndipo popeza nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6, pamene achimwene aja ankandibwereka foni yawo m'mawa kwathu kunali kudakali pakati pa usiku.

Masiku oona malo anaikidwa pa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu, titagula kale katundu wambiri. Tinayambira ku manda a mfumu ya Nanyue, pafupi ndi paki ya Yuexiu. Mzindawu unakhazikitsidwa m'chaka cha 214 Khristu asanabadwe ndi dzina lakuti Panyu, ndipo patangopita zaka 10 mkulu wa asilikali wotchedwa Zhao Tuo anaupanga likulu la ufumu wake wa Nanyue, umene unakhalapo mpaka chaka cha 111 Khristu asanabadwe pamene mafumu a Han anaugonjetsa. Manda a mdzukulu wake Zhao Mo, mfumu yachiwiri, anapezeka mu 1983 pamene anthu ankakumba kaphiri kuti amange nyumba, ndipo anapezeka osakhudzidwa ndi akuba. Mtembo wake unavekedwa chovala chopangidwa ndi timiyala ta jade toposa 2,000 tolumikizidwa ndi ulusi wa silika, ndipo anthu 15 anaikidwa naye limodzi kuti akamutumikire, chinthu chimene chinatikhalitsa chete tonse.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zinthu zochokera kutali zimene zinapezeka m'mandamo: kabokosi kasiliva kopangidwa mwa luso la ku Persia, lubani, ndi minyanga 5 ya njovu imene akatswiri amati ndi ya njovu za ku Africa. Ine ndinapita ku Guangzhou ndikudziona ngati mlendo wa dzulodzuloli, chifukwa ngakhale ubale wa boma la Malawi ndi boma la Beijing unangoyamba kumapeto kwa 2007, koma apa ndinaona kuti katundu wa ku Africa anafika padokoli zaka zoposa 2,000 zapitazo, atadutsa m'manja mwa amalonda ambiri amene mayina awo sadziwika. Ndinaganiziranso kuti kalelo ife tinkatumiza minyanga n'kulandira mikanda ndi nsalu, ndipo lero timatumiza fodya, tiyi ndi nandolo kunja kuti tipeze madola ogulira nsalu zomwezo. Sindinachoke pamalopo ndi mtima wopepuka, komabe ndinachoka ndikudziwa bwino kumene ndaima pa malonda amenewa.

Achimwene otiperekeza anaonetsa luso lawo lenileni pamene analumikiza mbiriyo ndi mphepo imene inanyowetsa makoma athu. Anatifunsa ngati tikudziwa mmene asodzi a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota amawerengera mwera ndi mpoto asanalowe panyanja, kenako anati zombo zakale zoyendera mphepo zinkachitanso chimodzimodzi pa nyanja zikuluzikulu. Mphepo ya kummwera chakumadzulo, imene imawomba m'miyezi yotentha, ndiyo inkabweretsa zombo ku Guangzhou, ndipo mphepo ya kumpoto chakummawa, ya m'miyezi yozizira, ndiyo inkazibweza kwawo. Wamalonda amene waphonya mphepo yake ankayenera kudikira miyezi yambiri, n'chifukwa chake alendo anayamba kumanga nyumba, kukwatira ndi kupemphera mumzindawu. M'nthawi ya mafumu a Tang, Aluya ndi Aperezi anali ndi dera lawolawo lokhala ndi mtsogoleri wawo woweruza milandu yawo.

Chotsalira cha dera limenelo ndi mzikiti wa Huaisheng, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri m'dziko la China, umene mbiri yapakamwa imati unayambitsidwa ndi Sa'd ibn Abi Waqqas, mmodzi mwa otsatira oyambirira a Mtumiki Muhammad, m'zaka za m'ma 600. Uli ndi nsanja yozungulira yosalala yotalika mamita pafupifupi 36, imene anthu amaitcha nsanja ya kuwala chifukwa amati inkatsogolera zombo pa nthawi imene mtsinje unkadutsa pafupi, ngakhale lero gombe linasunthira kutali ndipo nsanjayo yazunguliridwa ndi nyumba. Anzathu awiri a Chisilamu a m'gulu lathu analowa kukaswali, enafe tinadikira panja pansi pa mtengo wa maluwa ofiira akuluakulu amene ndi chizindikiro cha mzindawu ndipo amachita maluwa mu Malichi. Agogo ena ankatola maluwa ogwawo n'kuika m'jumbo, ndipo tinauzidwa kuti amakawaumitsa kuti aziwiritsa mu tiyi wochotsa chinyezi m'thupi. Bambo mmodzi mwa awiriwo, wogulitsa zipangizo za njinga zamoto, anatuluka maso ali ofiira ndipo sanalankhule kwa kanthawi.

Pa tsiku lachiwiri loona malo, kuyendera kunayambira pa msika wa zovala wa Shisanhang, pomwe tinali titagula kale madiresi masiku angapo m'mbuyomo osadziwa kuti taponda pamalo otani. Dzinalo limatanthauza nyumba 13 za malonda. Mu 1757 mfumu Qianlong inalamula kuti amalonda a ku Ulaya obwera panyanja azichita malonda padoko limodzi lokha la Guangzhou, limene azungu ankalitcha Canton, ndipo lamulolo linagwira ntchito mpaka 1842. Azunguwo ankakhala pa kachigawo kakang'ono m'mbali mwa mtsinje kunja kwa linga la mzinda, sankaloledwa kubwera ndi akazi awo, ankagula ndi kugulitsa kudzera mwa amalonda ochepa ovomerezedwa ndi boma, ndipo nyengo ya malonda ikatha ankapita kukadikira ku Macau. Mmodzi mwa amalonda a boma aja, Wu Bingjian, amene azungu ankamutcha Howqua, anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri padziko lonse m'masiku ake. Katundu wamkulu anali tiyi, silika ndi mbale zadothi.

Popeza Angelezi ankagula tiyi wambiri koma analibe chinthu chimene anthu a ku China ankachifuna mofananamo, siliva wawo ankathera kumeneko, ndipo njira imene anapeza inali kulowetsa opiyamu wolimidwa ku India, mankhwala ozunguza bongo amene anali oletsedwa. Mu 1839 nduna ya mfumu yotchedwa Lin Zexu inalanda mabokosi a opiyamu oposa 20,000 n'kuwawononga ku Humen powasakaniza ndi laimu ndi mchere m'maenje, kenako n'kukokolera zonsezo m'nyanja. Nkhondo inatsatira, China inagonja, ndipo pangano la ku Nanjing la 1842 linatsegula madoko asanu n'kupereka chilumba cha Hong Kong kwa Angelezi. Nyumba 13 zija zinapsa mu 1856 pa nkhondo yachiwiri, ndipo pambuyo pake Angelezi ndi Afalansa anatenga kachilumba ka mchenga ka Shamian, n'kukumba ngalande yokalekanitsa ndi mzinda. Tinayenda pa kachilumbako masana onse, pansi pa mitengo ikuluikulu yakale, pakati pa nyumba za makonde aatali zimene zinandikumbutsa nyumba ya Mandala ya kwathu kuno, yomangidwa mu 1882. Achimwene aja anatiuza kuti kampani ya Jardine Matheson, imene inalemera kwambiri ndi opiyamu, inayambitsidwa ku Canton mu 1832 ndi anthu awiri a ku Scotland, dziko lomwelo limene linatipatsa dzina la Blantyre mu 1876. Sindikunena kuti amishoni athu ndi amalonda a opiyamu anali anthu amodzi, koma sindinayembekezere kuti mizinda iwiri yotalikirana chonchi ingakumane pa dziko limodzi laling'onolo.

Pa Shamian pomwepo ndi pamene ndinamva mawu amene ndinayenera kuwamva tsiku loyamba. Pofotokoza za malonda a tiyi, achimwene aja ananena kuti mabokosi a tiyi ankawakuta mkati ndi mtovu wopyapyala kuti chinyezi cha padoko ndi cha panyanja chisalowe pa ulendo wa miyezi ingapo, kenako anatitembenukira n'kufunsa kuti, "Nanga inu, amayi ndi abambo, makatoni anu mwawakuta ndi chiyani?" Mtima wanga unagunda, chifukwa zikwama zimene ndinagula tsiku lachiwiri pa msika wa zikopa pafupi ndi Sanyuanli zinapakiridwa pamaso panga m'makatoni ofewa ndi chinyezi, popanda pulasitiki, ndipo makatoniwo anali atalowa kale mu kontena. Tsiku limenelo achimwenewo anali ku msika wina ndi anzathu ogula zipangizo za mafoni, ndipo ine ndinali ndi kakyuleta yokha polankhulana ndi wogulitsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mbali yanga ya mlanduwu ndikuivomera, koma munthu amafunsa chinthu chimene akuchidziwa kuti chilipo. Apa pali zolakwika ziwiri za kampaniyo: kuika masiku ophunzira za mzinda kumapeto m'malo mwa kumayambiriro, ndi kupereka womasulira mmodzi kwa anthu 9 ofuna katundu wosiyana m'misika yotalikirana, mumzinda wa anthu oposa 18 miliyoni, kuposa chiwerengero chonse cha Amalawi pa kalembera wa 2018.

Chinyezi ndi mvula zinaumbanso kamangidwe ka mzinda wakale. M'misewu ya Shangxiajiu ndi Enning nyumba zam'mwamba zimatulukira pamwamba pa njira ya oyenda pansi zitakhazikika pa mizati, kotero munthu amayenda mtunda wautali osanyowa ndi mvula kapena kupsa ndi dzuwa, mofanana ndi makonde a mashopu akale a Amwenye ku Limbe, kungoti kumeneko makondewo ndi olumikizana msewu wonse. M'makondemo muli timashopu togulitsa tiyi wazitsamba wakuda ndi wowawa ngati nimu, amene anthu amamwa ataimirira pokhulupirira kuti amachotsa kutentha ndi chinyezi m'thupi. Ndinamwa kapu imodzi chifukwa cha ulemu.

Chakudya cha m'mawa cha tsiku lachiwiri loona malo lija tinadyera m'nyumba ya tiyi yakale, yodzaza ndi agogo owerenga nyuzipepala, ndipo ichi ndicho chinthu chimene ndinganene kuti chinabweza ndalama zanga. Anthu a ku Guangzhou amati akupita kukamwa tiyi, koma patebulo pamabwera timadengu tansungwi totuluka nthunzi, muli tizakudya ting'onoting'ono totchedwa dim sum: nkhanu zazing'ono zokutidwa mu ufa woonekera mkati, mikate yofewa, phala la mpunga, ndi zipalapasiro zophikidwa mpaka kufewa zimene Mmalawi aliyense patebulopo anazilandira ngati wakumana ndi mbale wake. Zambiri zimakhala ndi nyama ya nkhumba, ndipo achimwene aja anasamala kwambiri posankhira anzathu a Chisilamu, amenenso masiku ena ankawatengera kumalo odyera a halaal a ku Xiaobei. Anatiphunzitsa kutsuka kapu, mbale ndi timitengo todyera ndi tiyi woyamba wotentha n'kutaya madziwo m'beseni, kuthirira anzako tiyi usanadzithirire wekha, kusiya chivundikiro cha tiyipoti chotsegula ukafuna madzi ena, ndi kugogoda patebulo ndi zala ziwiri zopinda wina akakuthirira, zimene zili ngati kuwomba m'manja kwathu polandira chinthu kwa wamkulu.

Mawa lake ndinapita ku msika waukulu wa nsalu wa Zhongda kukamaliza za makatani ndi mayi wina wamalonda amene masiku apitawo tinalephera kugwirizana naye mtengo. Poyamba paja anandikhazika pa katebulo kake ka tiyi, koma ine, pothamangira nthawi, ndinakana n'kutulutsa kakyuleta, ndipo nkhope yake inasintha. Ulendo uno ndinakhala pansi. Anathira madzi otentha pa timakapu tating'ono ngati chivundikiro cha botolo, anataya tiyi woyamba, anandithirira wachiwiri, ndipo nditagogoda ndi zala ziwiri anandiyang'ana n'kuseka mokondwa, n'kufunsa kudzera mwa achimwene aja kuti ndinaphunzira kuti. Tinacheza za ana, ndinamuonetsa chithunzi cha minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo za mtengo tinayamba titamwa makapu angapo. Anatsitsa pang'ono chabe, koma anavomera kundidulira mamita ochepa pa mtundu uliwonse, zimene poyamba anakaniratu, ndipo iye mwini analamula anyamata ake kuti akute mpukutu uliwonse mu pulasitiki n'kuikamo timapaketi toyamwa chinyezi. Kufikira lero timalemberana pa WeChat ndipo amanditumizira zithunzi za nsalu zatsopano.

Za malo ogona ndinene mwachidule. Hotelayo inali yaukhondo wapakatikati, zipinda zinali zazing'ono, ndipo makina oumitsa mpweya m'chipinda changa anali owonongeka mpaka tsiku lachinayi. Ubwino wake unali wakuti inali pafupi ndi siteshoni ya sitima yapansi panthaka ya Xiaobei, ndipo eni ake anatilembetsa okha kupolisi monga lamulo la kumeneko limafunira kwa mlendo aliyense. Xiaobei ndi dera limene amalonda a ku Africa akhala akusonkhana kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo munthu amamva Chiswahili, Chifalansa ndi zilankhulo za ku Nigeria pa msewu umodzi. Ndinayamikira kuti achimwene aja sanatibisire zowawa, pakuti anatifotokozera za Epulo 2020, pa nthawi ya Covid-19, pamene anthu ambiri a ku Africa anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela mumzindawu mpaka akazembe a mayiko a ku Africa anadandaula ku boma la China. Anatilangiza kuyenda ndi pasipoti nthawi zonse ndi kusapitirira ngakhale tsiku limodzi pa masiku a viza.

Kwa mnzanga amene akuganiza zolipira kampani yoteroyi, ndinganene kuti pa ulendo woyamba n'kofunika, pokhapokha mutagwirizana zinthu zingapo polemba musanapereke dipoziti. Funsani kuti womasulira mmodzi adzakhala ndi anthu angati, pemphani kuti tsiku loyendera mzinda likhale loyamba, ndipo sankhani mwezi nokha. Chionetsero chachikulu cha malonda cha Canton Fair, chimene chinayamba mu 1957 ndipo chimachitikira ku Pazhou, chimakhalako kawiri pachaka, kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi ndi kuyambira pakati pa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo pa nthawiyi mitengo ya mahotela imakwera kwambiri. Chionetserocho chimathandiza ogula kontena yathunthu kufakitale, koma kwa ife ogula makatoni ochepa m'misika, masabata otsatira chionetsero cha mu Novembala ndiwo abwino, kunja kutauma ndipo mahotela atatsika.

Katundu wanga anafika patatha masabata 9, atadzera padoko la Beira n'kulowera pa chipata cha Mwanza. Makatani anatuluka mu pulasitiki ali owala monga ndinawaonera ku Zhongda, ndipo theka lake lagulidwa kale. Makatoni awiri a zikwama nditawatsegula munatuluka fungo limene linadzaza shopu yonse, ndipo zikwama zambiri zinali zitachita chuku chotuwa m'misoko ndi m'zogwirira, zitsulo zake zitayamba dzimbiri. Ine ndi mtsikana wondithandiza tinatha masiku atatu tikuzipukuta ndi viniga n'kumaziyanika padzuwa kuseri kwa shopu, ndipo zimene zinapulumuka ndikugulitsa pa mtengo wotsika. Nditapita ku ofesi ya kampaniyo ndi chikwama chimodzi m'manja, mayi uja anapepesa kuchokera pansi pa mtima, koma anandionetsa mzere wa pa pangano wonena kuti iwo sakhudzidwa ndi kuwonongeka kwa katundu panjira. Sindinapemphe kubwezeredwa ndalama. Ndinawasiyira tsamba limodzi limene ndinalemba pamanja, lokhala ndi miyezi ya chinyezi, ya mvula ndi ya anamondwe, pamodzi ndi nkhani ya pulasitiki ndi ya WeChat, ndipo ndinawapempha kuti azipereka kwa aliyense wolembetsa. Ndalembetsanso ulendo wa mu Novembala, ndipo ndawauza kuti ndidzapereka ndalama yotsala akadzanditsimikizira polemba kuti otiperekeza adzakhala achimwene omwewo ndiponso kuti gulu silidzapitirira anthu asanu.